Aluminiyamu yanji, nthiti zotani? Yankho kwa mmisiri amene akufuna kupanga boti la pa Kariba

Bambo wina wa ku Kalingalinga watilembera motere: "Ndine wowotcherera zitsulo. Ndagwira ntchitoyi zaka 14, makamaka mageti, mabagala ndi matanki a madzi. Mlamu wanga wa ku Siavonga akufuna ndimupangire boti la aluminiyamu la mamita 6, la injini ya 60 hp, lonyamulira anthu ndi katundu pa Kariba. Ndazungulira m'masitolo. Wina akuti nditenge 5052, wina akuti 5083 koma ndi yodula ndiponso yochita kuitanitsa, wina akuti aluminiyamu ndi aluminiyamu basi, n'kundionetsa checker plate yotchipa. Za nthiti za botilo, ndili ndi zotsala za mafelemu a mawindo ndi ma square tube angapo. Kodi zimenezi zingagwire ntchito? Ndikuopa kuwononga ndalama za mlamu wanga, koma chachikulu ndikuopa kumiza anthu."

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Mawu anu omalizawo ndi amene andikhazika pansi kuti ndiyankhe mofatsa, chifukwa mmisiri woopa kumiza anthu ndiye woyenera kupatsidwa ntchito ya boti. Mtima ukhale m'malo, ntchitoyi ndi yotheka. Ndaona amisiri amene anayambira pa mageti ngati inu akupanga maboti amene mpaka lero akuyenda pa Kafue ndi pa Zambezi. Kungoti dzanja lozolowera chitsulo chakuda liyenera kuphunzira zina mwatsopano. Chachikulu mwa izo n'chakuti aluminiyamu imasankhidwa poyang'ana mphamvu imene imatsala nayo moto wa welodi ukadutsapo. Mphamvu imene puleti ili nayo ikadali m'sitolo singakuuzeni zambiri, popeza boti limang'ambikira m'mbali mwa msoko.

Wogulitsa uja amene anati aluminiyamu ndi aluminiyamu basi musamumvere. Manambala anayi amene mukumvawo ndi maina a mitundu yosiyana, ndipo nambala yoyamba ndiyo imanena banja. Yoyamba ndi 1, monga 1050, imakhala yosasakaniza ndi kanthu kwenikweni, ndi yofewa, yoyenera mapoto ndi zokutira. Yoyamba ndi 3 ili ndi manganese pang'ono, yolimbako koma osafika pa ntchito yathu. Yoyamba ndi 2 ili ndi kopa, yoyamba ndi 7 ili ndi zinki. Izi ndi za ndege, ndi zolimba zedi, koma zambiri mwa izo zimang'aluka mukaziwotcherera ndipo m'madzi zimadyeka. Mukazipeza kwa ogulitsa zitsulo zakutha muzisiye pomwepo. Mabanja athu ndi awiri okha: la 5, losakaniza ndi magnesium, limene limatipatsa mapuleti, ndi la 6, losakaniza ndi magnesium ndi silicon, limene limatipatsa zitsulo zoumbidwa kale monga angle, T-bar ndi mapaipi.

M'banja la 5, magnesium akachuluka mphamvunso imachuluka. Mu 5052 alimo pafupifupi magawo 2.5 pa 100 alionse, mu 5086 pafupifupi 4, mu 5083 pafupifupi 4.5. Ubwino wa banjali ndi woti moto sulifooketsa kwambiri. Puleti ya 5083 imakhala ndi mphamvu yopitirira pang'ono 300 MPa isanawotcheredwe, ndipo pamsoko wowotcherera bwino imatsala ndi pafupifupi 275. Ya 5086 imatsala ndi pafupifupi 240, ya 5052 pafupifupi 170. Musavutike ndi tanthauzo la MPa, ingoyerekezani manambalawo: pamsoko, 5083 imaposa 5052 ndi kupitirira theka.

Kodi ndiye kuti amene anakuuzani za 5052 ananama? Ayi. Maboti ang'onoang'ono ambirimbiri a m'madzi opanda mchere amapangidwa ndi 5052 ndipo amakhalitsa. Imapindika bwino osang'aluka, imapezeka mosavuta, ndipo Kariba alibe mchere umene umachititsa anthu a kunyanja zikuluzikulu kuumirira pa 5083. Mukanati mukupanga kaboti ka mamita 4 kowedzera nsomba pa damu la pafamu ku Chisamba, ndikanati tengani 5052 mtima uli zii. Koma lanu ndi la mamita 6, lonyamula anthu, lothamanga ndi 60 hp, pa nyanja imene mphepo ikadzuka mafunde ake amakhala afupiafupi, omenya pansi pa boti ngati nyundo. Komanso damu la Kariba litamalizidwa mu 1959 madzi anamiza nkhalango, ndipo mitengo ya mopane ikadaimabe m'madzimo, ina yoonekera, ina yobisala pansi pang'ono. Madzi akatsika, monga momwe zimakhalira m'zaka za chilala, zitsa zimene kale zinali zakuya zimafika poti n'kugunda boti. Puleti yabwino ikagunda chitsa imafwaphika n'kukhalabe yosabooka, ndipo anthu amafika kumtunda. N'chifukwa chake ine ndikanagawa chonchi: pansi pa boti, msana wake ndi transom, kumene kumamangiriridwa injini, 5083, kapena 5086 ngati ndiyo yapezeka. M'mbali chakumtunda, mipando, mabokosi ndi thanki ya mafuta, 5052 kapena 5754 ikukwana. Mukatero ndalama yodulayo imapita pokhapo pamene ikufunika.

Pambuyo pa manambala anayi aja pamakhala chilembo ndi manambala ena, zosonyeza mmene puleti inalimbitsidwira kufakitale, ndipo ambiri sazilabadira. Pa 5083 ndi 5086 pemphani H116 kapena H321, amene anakonzedwera maboti. H111 ndi yofewerapo, imapindika mosavuta, ndipo imagwira ntchito ngati pulani ya botilo inawerengera imeneyo. Pa 5052 yodziwika ndi H32. Dziwaninso kuti 5083 ya H116 siifuna kupindidwa mwakuthwa ngati lata. Mukaipanikiza pa makina opindira mageti imatuluka ming'alu yaing'ono kunja kwa mpindowo, yovuta kuiona, imene imadzakula boti lili pamadzi. Mpindo wake uzikhala wozungulira, ndipo muyambe mwayesa pa kachidutswa.

Checker plate ija ikhoza kukhala pansi popondapo anthu, popeza siterera. Thupi la boti ayi. Nthawi zambiri wogulitsa sadziwa kuti ndi mtundu wanji, ina ndi 5754 koma ina ndi ya banja la 1 kapena 3, ndipo muyeso umene amakuuzani nthawi zina amawerengera ndi timizere totukuka tija, pamene puleti yeniyeni ndi yopyapyala.

Apa pakubwera vuto limene kuno ku Lusaka limandidetsa nkhawa kuposa ena onse. Ndi maso simungasiyanitse 5083 ndi 1050. Zonse zimanyezimira mofanana. Puleti yochokera kufakitale imabwera ndi zolemba za inki pamwamba pake: mtundu, H wake, makulidwe ndi nambala ya gulu limene inasungunulidwira. Imabweranso ndi satifiketi ya kufakitale, imene ambiri amaitchula kuti mill certificate, ndipo nambala ya pa pepala iyenera kufanana ndi ya pa puleti. Wogulitsa akati pepala kulibe ndipo zolemba zinafufutika, musagulepo puleti ya pansi pa boti, ngakhale atalumbira. Zaka zingapo zapitazo anandiitana kukaona boti limene pansi pake panali patalowa m'kati pakati pa nthiti iliyonse, ngati nthiti za ng'ombe ya m'chilala, lisanathe ndi chaka chomwe. Mwini wake analipira mtengo wa 5083. Titadula kachidutswa n'kukapinda pa vaisi, kanapindika ngati chivundikiro cha poto. Wogulitsayo mwina sananame dala, mwinanso iye anauzidwa zomwezo ndi amene anamugulitsa, koma wotaya ndalama anali mwini boti. Mapuleti ambiri a mtunduwu amatifika kuchokera ku South Africa pa malole, kudzera pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula, ndiye kudikira masabata angapo n'kwachibadwa. Muuzeni mlamu wanu zimenezi pachiyambi pomwe, kuti changu chisakukakamizeni kugula chilichonse chimene chili pafupi. Ndipo poti mukuitanitsa kale, funsani ngati angakupezereni mapuleti aatali a mamita 6 m'malo mwa aafupi a mamita 2.5. Kunyamula kwake n'kovuta, koma msoko uliwonse umene mwaupewa pansi pa boti ndi malo amodzi ochepa odzadontha.

Tibwere ku nthiti, pamene pagona funso lanu lenileni. Zotsala za mawindo zija pafupifupi zonse ndi 6063. Anaipangira kuti izituluka yosalala ndi yokongola, ndipo makoma ake ndi opyapyala, milimita imodzi ndi theka kapena kucheperapo. Zambiri zimakhalanso zokutidwa ndi utoto kapena zopangidwa anodising (kakhungu kolimba koikidwa kufakitale), zimene zimaipitsa msoko mukapanda kuzipala. Koma ngakhale mutapala, vuto lili m'kati. Banja lonse la 6 mphamvu yake imachokera ku kuphikidwa kufakitale, ndiye T5 kapena T6 amene mumaona kumapeto kwa dzina. Moto wanu ukadutsa umafafaniza kuphikidwa kumeneko pa mtunda wa pafupifupi mamilimita 25 mbali iliyonse ya msoko. Chitsulo cha 6061-T6, chimene chimakhala ndi mphamvu ya pakati pa 260 ndi 310 MPa, pamsoko chimatsala ndi pafupifupi 165. Cha 6063 chimatsikira cha ku 115. Ndiye ganizani nthiti ya khoma lopyapyala, yofooka pamalo penipeni pamene yagwirana ndi puleti, ikumenyedwa ndi funde kambirimbiri pa ulendo umodzi. Zotsala za mawindo zisungireni denga la mthunzi kapena chogwirira manja. Pansi pa boti zisapiteko.

Izi sizikutanthauza kuti banja la 6 ndi loletsedwa. Maboti ambiri abwino ali ndi nthiti za 6061-T6 kapena 6082-T6, ndipo 6082 ndiyo imapezeka kwambiri kumbali yathu ino. Ili ndi kopa wochepa kuposa 6061, chimene ndi chabwino m'madzi. Chofunika n'chakuti woyeza kukula kwa nthitizo awerengere mphamvu yotsala pambuyo pa moto, osati yolembedwa m'kabuku ka wogulitsa.

Pa maonekedwe a nthiti, chinthu chimodzi chimene chingakupulumutsireni ndalama ndi kulemera ndi ichi. Aluminiyamu imapepuka katatu kuyerekeza ndi chitsulo chakuda, koma imawetanso katatu pa katundu yemweyo. Muyeso umene mumadalira pa geti sungagwire ntchito pano. Mankhwala a kuwetako ndi msinkhu wa nthiti. Flat bar yoimika chilili, mukaiwirikiza kawiri kunenepa kwake, imauma kawiri. Mukaiwirikiza kawiri msinkhu wake, imauma kasanu ndi katatu, kulemera kwake n'kungowonjezeka kawiri komweko. Choncho nthiti yaitali ndi yopyapyalako imaposa yaifupi yonenepa. Malire ake ndi oti ikatalika kwambiri popanda chochirikiza pamwamba imagwera cham'mbali katundu akaipanikiza, ndipo ichi n'chifukwa chake tili ndi angle ndi T-bar.

Flat bar ndi yotchipa, yosavuta kupeza, imatsata kupindika kwa boti popanda kulimbana nayo, ndipo mumatha kuwotcherera mbali zonse ziwiri n'kuona zimene mwachita. Mungathenso kuidula nokha kuchokera ku puleti ya 5083, n'kukhala ndi nthiti imene moto suifooketsa kwambiri. Kwa munthu wopanga boti loyamba, ya nthiti zoyenda m'litali, zimene timati ma stringer, ine ndimalangiza imeneyi. T-bar ndiyo yabwino koposa pa kulemera kwake, chifukwa mutu wake uli pakatikati ndipo sipotoka ikalemedwa, koma kuno ndi yosowa ndipo kuipinda n'kovuta. Angle imapezeka paliponse ndipo imagwira ntchito, malinga muiike moyenera: mwendo umodzi uime pa puleti ndi nsonga yake, winawo ukhale m'mwamba ngati denga. Ambiri ochokera ku mageti amaigoneka mwendo umodzi chafufumimba pa puleti. Akatero ataya theka la mphamvu yake, ndiponso apanga kampata pakati pa zitsulo ziwiri mmene madzi ndi matope zimakhala osauma. Aluminiyamu imadziteteza ndi kakhungu kamene kamapangika ikakhudzana ndi mpweya. M'kampata konyowa kopanda mpweya kakhunguko sikabwereranso, ndipo chitsulo chimayamba kutuluka ufa woyera ndi timaenje.

Square tube yanu ili ndi matenda omwewo. Khoma lake lapansi lagona pa puleti pamene silikuthandiza kanthu, pansi pake pali kampata, m'kati mwake mumalowa madzi amene simungawaone kapena kuwachotsa. Igwiritseni ntchito kumtunda, pa felemu ya pansi popondapo kapena pa mipando, ndipo muiboole kuti madzi azituluka.

Nthiti zopingasa, zimene zimapatsa boti maonekedwe ake, njira yabwino ndi kuzidula kuchokera ku puleti ya mamilimita 4 kapena 5, zakuya bwino, kenako n'kupinda mlomo wake wapamwamba kapena kuwotchererapo flat bar kuti zikhale ngati T. Aluminiyamu imadulika ndi macheka a matabwa a mano a carbide, ndipo ku Lusaka kuno aliponso a makina odula ndi kompyuta amene angakuduleni zonse molondola mukawapatsa pulani.

Mufuna manambala, ndikudziwa. Ndikupatsani amene ndimayambira pa boti la msinkhu wanu, koma muwatenge ngati poyambira kukambirana ndi wojambula pulani, chifukwa liwiro, katundu ndi kupendekeka kwa pansi pa boti zimawasintha. Pansi mamilimita 4 kapena 5, m'mbali 3 kapena 4, transom 6 kapena kuposerapo. Ma stringer a flat bar ya mamilimita 50 kapena 60 msinkhu ndi 5 kapena 6 kunenepa, otalikirana mamilimita 250 mpaka 300. Nthiti zopingasa pa mamilimita 500 mpaka 600, zoyandikirana kwambiri chakutsogolo kumene funde limamenya. Amisiri ambiri akakayika amathamangira kunenepetsa puleti. Onani mtengo wake: milimita imodzi pa sikweya mita imodzi imalemera makilogalamu 2.7, ndipo thupi la boti lanu lili ndi masikweya mita pafupifupi 20. Milimita imodzi yowonjezera ndi makilogalamu oposa 50, thumba lathunthu la chimanga limene mlamu wanu adzalinyamula ulendo uliwonse, akuligulira petulo. Pamene mukachepetsa ndi theka mpata wa pakati pa ma stringer, kupanikizika kwa puleti kumatsika kanayi. Stringer imodzi yowonjezera mbali iliyonse imachita zambiri kuposa milimita ija.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene timasiyanitsa boti la zaka 3 ndi la zaka 20, ndipo tonse tikukhudza kutopa kwa chitsulo. Aluminiyamu ikamagwedezeka mobwerezabwereza imayamba mng'alu pamalo pamene chinthu chouma chathera mwadzidzidzi pa chinthu chofewa. Stringer isathere pakati pa puleti yopanda kanthu. Ifike pa nthiti yopingasa kapena pa transom, ndipo ngati palibe kuchitira mwina, nsonga yake muisonge mopendekera pang'onopang'ono. Ma stringer aziyenda osadukiza kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, nthiti zopingasa ndizo zizibooledwa kuti iwo adutse. Makona onse a mabowo akhale ozungulira. Pansi pa nthiti iliyonse, pafupi ndi msana, siyani kabowo kodutsa madzi kuti onse azitsikira kumbuyo. Transom ichirikizidwe ndi mabulaketi a makona atatu olumikizana ndi ma stringer, chifukwa injini ya 60 hp imalemera makilogalamu oposa 100 ndipo imakankha ndi kukoka malo amenewo tsiku lonse. Musaiwalenso kuti botili lisanaone madzi lidzayenda makilomita pafupifupi 200 pa ngolo, kudutsa Kafue n'kutsika mapiri a ku Siavonga, injini ikulendewera kumbuyo. Matabwa a ngoloyo akhale pansi pa ma stringer, ndipo injini ichirikizidwe.

Dzanja la mmisiri wa mageti limakonda kuwotcherera paliponse mpaka msoko utadzaza. Pano muzigwira mtima. Aluminiyamu imafutukuka ndi moto kawiri kuposa chitsulo chakuda, ndiye msoko wochuluka umakoka puleti n'kuikwinya. Misoko ya thupi la boti ndiyo yosadukiza, m'kati ndi kunja, mutapala muzu wake musanawotcherere mbali yachiwiri. Ma stringer amawotcheredwa modumphadumpha, kupatula kumapeto kwake, pansi pa injini ndi kutsogolo. Puleti ikakwinyika musaiwongole ndi moto wa gasi monga mumachitira ndi chitsulo. Aluminiyamu siifiira ikatentha, imangoti phwa, yasungunuka, ndipo isanafike pamenepo yafooka kale.

Makina a ndodo amene mumawotcherera mageti asiyeni pambali. Pakufunika makina owotcherera ndi gasi, a MIG okhala ndi spool gun (chogwirira chonyamula waya wake), kapena a TIG ya AC, ndi gasi wa argon wosasakaniza. Waya wake ndi 5356 kapena 5183. Mudzapeza 4043 m'masitolo ambiri, imayenda bwino ndipo msoko wake umaoneka wokongola, koma pa 5083 imapanga msoko wophweka kusweka. Musaigwiritse ntchito. Kakhungu ka pamwamba kaja kamasungunuka pa madigiri oposa 2000 pamene chitsulo chake chimasungunuka cha pa 600, choncho muzikachotsa ndi burashi ya stainless imene sinakhudzepo chitsulo chakuda, mutapukuta kaye mafuta ndi acetone. Fumbi la galainda ya mageti likagwera pa puleti limalowa mu msoko, ndiye patulani malo ake. Kuwotchererera panja pa msewu, monga timachitira ku Kalingalinga, sikutheka, chifukwa kamphepo pang'ono kamauluza gasi ndipo msoko umadzaza timabowo. Mukamagwira m'kati mwa boti kumbukirani kuti argon ndi wolemera kuposa mpweya, amadikha pansi ngati madzi ndipo alibe fungo. Pakhale fani, pakhalenso munthu pafupi.

Mdani wamkulu wa boti la aluminiyamu, ngakhale m'madzi opanda mchere, ndi kopa. Kachidutswa ka waya wa magetsi kotsalira m'madzi a pansi pa boti kamadya puleti mpaka kuboola. Mapampu ndi ma valve a brass, utoto wa pansi pa boti wokhala ndi kopa, ngakhalenso matabwa obiriwira aja onyikidwa m'mankhwala a chiswe, amene mankhwala ake ali ndi kopa, zonsezi zisakhudze thupi la boti. Mabauti akhale a stainless, opakidwa mankhwala olekanitsa zitsulo ziwirizo. Pa magetsi, musachite za pa galimoto zogwiritsa ntchito thupi ngati waya wobwerera. Chilichonse chikhale ndi mawaya ake awiri mpaka ku batire.

Chinanso chokhudza chigwa chotentha cha Zambezi, kumene kuli Kariba: 5083 ndi 5086 sizifuna kukhala nthawi yaitali pa kutentha kopitirira madigiri 65, chifukwa m'kupita kwa zaka zimayamba kudyeka m'kati. Pansi pa boti madzi amaziziritsa, palibe nkhawa. Koma puleti yopakidwa utoto wakuda pa dzuwa la October ku Siavonga imatentha moti simungaigwire. Pamwamba pakani utoto wowala kapena musiye osapaka, ndipo anthu okwera opanda nsapato adzakuthokozani.

Boti la aluminiyamu likadzaza madzi limamira, silili ngati bwato la mtengo. Pansi pa popondapo ndi m'mipando muike thovu losamwa madzi kapena zipinda za mpweya zotsekedwa bwino. Lita imodzi ya mpweya imayandamitsa kilogalamu imodzi, ndiye werengerani kulemera kwa boti, injini, batire ndi anthu ogwirira m'mbali. Zina mwa zoyandamitsazo zikhale m'mwamba cham'mbali, apo ayi boti lodzaza madzi limagudubuzika. Pa nyanja ya ng'ona ndi mvuu, boti limene latsala pamwamba pa madzi anthu ali m'kati ndilo limawapulumutsa.

Tsopano pamene ndikukupemphani kuti musayende nokha. Popeza botili lidzanyamula anthu, musalijambule ndi maso potengera la mnzanu. Gulani pulani kwa katswiri wojambula maboti, yolembedwera aluminiyamu, yonena mtundu wa puleti, kukula kwa nthiti, injini yaikulu yololedwa ndi chiwerengero cha anthu. Akatswiriwa amawerengera potsata malamulo odziwika monga ISO 12215, ndipo mtengo wa pulani ndi wochepa poyerekeza ndi wa mapuleti. Mukasintha kanthu, monga kutalikitsa boti, kuika denga lolemera kapena injini yaikulu, bwererani kwa iye. Musanadule puleti yoyamba, mlamu wanu apite ku dipatimenti ya boma yoona za maulendo a pamadzi, pansi pa unduna wa zamtengatenga, akafunse zofunika kuti boti lonyamula anthu liyezedwe ndi kulembetsedwa. Kumva zimenezo boti litatha kale kumabweretsa kudula ndi kuwotcherera kawiri. Ndipo ngati simunagwirepo MIG pa aluminiyamu, pezani mmisiri amene anaizolowera agwire nanu misoko ya pansi ndi ya transom, kapena kachiteni maphunziro aafupi ku koleji ya zaumisiri yolembetsedwa ku TEVETA. Zaka zanu 14 zidzakufulumizitsani kuphunzira, koma msoko wa aluminiyamu umatha kuoneka bwino pamwamba usanalowe m'kati n'komwe.

Poitanitsa mapuleti onjezani kachigawo koyeserera. Dulani tizidutswa, lumikizani tiwiritiwiri ndi waya ndi makina omwe mudzagwiritse ntchito, ena chogona, ena choimirira, ena cham'mwamba. Kenako dulani timizere topingasa msoko, tipindeni mozungulira paipi mpaka tikhale ngati U. Ena muwathyole dala ndi nyundo muone m'kati. Mukaona timabowo, mwaye wakuda kapena mbali imene sinasungunuke, sinthani moto, liwiro kapena katsukidwe, muyesenso. Timizere tikayamba kupindika osang'aluka kasanu motsatizana, yambani ndi mipando ndi mabokosi, kenako nthiti, pansi pa boti pomalizira. Mukapeza pulani ndi satifiketi ya mapuleti, nditumizireni zithunzi zake pamodzi ndi za timizere tanu toyeserera, tidzaonere limodzi musanayambe kudula.